Phiri la Ndirande Lisanametedwe

Tabwera nayo kuno nsapatoyo ndiigwire. Ha! Imeneyi ndiye ya kuphiri? Kulemera kwakeku ngati jombo ya msilikali wa ku Cobbe Barracks. Ndiye ukuti Loweruka mukukakwera Michiru, anthu khumi ndi awiri, ndipo aliyense wasonkha ya galimoto, ya pachipata ndi ya mnyamata wokulondolerani njira? Kulipira ndalama kuti ukatope! Agogo anga aakazi akanadzuka lero n'kumva zimenezi, bwenzi ataseka mpaka kutaya kabotolo kawo ka fodya. Khala pansi apa, mdzukulu wanga, akazi anga, usandikwinyire nkhope. Sindikukuletsa ayi. Pita, phiri ndi labwino, limatsuka m'chifuwa. Chimene sindifuna n'chakuti ukafike pamwamba, uimike foni m'mwamba, ujambule, n'kutsika usakudziwa chimene wajambulacho.

Ine ndine wa 1941, ndipo mchombo wanga unagwera m'dera lomwe lino. Chemusa amene ukumudziwa iweyu, wa nyumba zogundana misana, wa makabaza ndi maminibasi oitanira ku Chirimba ndi ku Lunzu, kunalibe. Kunali midzi yotalikirana, minda ya chimanga ndi nandolo, mitengo ya mango, ndi msewu wopita ku Chileka. Dzinalo likukuuza lokha kuti kuno kunali Ayawo: "Che" ameneyo ndi ulemu wawo, monga ife timati "a". Ukaima pabwalo m'mawa unkaona kuti tikukhala m'mbale, mapiri ndiwo milomo yake. Pafupi apa Nyambadwe, kuseri kwake Ndirande atagona chagada ngati munthu wakhuta, kumadzulo Michiru, uko kumwera Soche, ndipo cha ku Limbe Mpingwe ndi Bangwe. Wailesi yotiuza za nyengo tinalibe. Amayi ankangosuzumira ku Michiru. Mtambo ukakhala pamutu pake ankakuwa kuti anulani ufa, ndipo sikawirikawiri ankaphonya.

Oyamba kukwera mapiri amenewa m'banja mwathu sanakwere ndi nsapato, sanakwerenso akuseka. Anakwera akuthawa. Agogo anga aja, amayi awo a mayi anga, anali kamtsikana kongoyamba kumene kusenza mtsuko pamene Angoni a Chikuse anawoloka Shire mu 1884 n'kulowa m'dziko lino la a Kapeni ndi mafumu anzawo. Chakacho ndinadzachimva kusukulu. Iwo ankangoti nthawi ya nkhondo. Ankati mfuu unamveka masana, akazi ali pamtondo. Anasiya mphale mumtondo momwemo, nkhuku pabwalo, nkhokwe zodzaza. Amayi awo anaponya khanda kumbuyo, kuwagwira iwo padzanja, liwiro la ku Ndirande. Ena anathawira ku mishoni, kwa azungu a ku Scotland amene anakhazikika pamenepo mu 1876, ena analowera ku Soche. Kuphiri anakhala m'mapanga ndi m'ming'alu ya matanthwe. Masana moto sankasonkha kuopa utsi, usiku ankaubisa kuseri kwa mwala. Khanda likayamba kulira ankalitseka pakamwa ndi bere, ngakhale bere louma. Amuna anaunjika miyala pamwamba pa tinjira topapatiza kuti aigubuduze wina akayerekeza kukwera. Koma chimene sanachiiwale mpaka imfa yawo sichinali njala, sikunali kuzizira. Kunali kuona. Pamwamba paja munthu umaona zonse, ngakhale zimene sukufuna. Anaona utsi ukudzuka mudzi ndi mudzi, akuluakulu n'kumatchula chapansipansi: uwo ndi wa kwa auje, uwo ndi wa kwa auje, uwo ndi wathu.

Ndiye mukamati pamwamba pamaoneka bwino, mukunena zoona. Makolo anapasankhiranso chomwecho. Pamene inu mumaimapo kuti chithunzi chituluke bwino ndi pamene pankaima mlonda wa mudzi.

Ineyo ndinakwera koyamba ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo chinandikweza ndi njala. Mvula ya dzinja lolowa mu 1949 inayamba bwinobwino, kenaka n'kudula chimanga chili m'mawondo. Chinapsa chiimirire. Pofika miyezi yotentha nkhokwe zinali pululu. Abambo ambiri ananyamuka ati kukasaka chakudya ku Mwanza, ku Neno, ku Ntcheu, ndipo ena mpaka lero akusakabe. Boma linkapereka chimanga m'malo oikika, koma mzere wake unkayamba kusanache, ndipo zolandirazo sizinkafika Lachitatu. Tinadya gaga, tinadya zitsa za nthochi. Tsiku lina agogo, msana utapindika kale, anagogoda ndodo pansi nati: "Tiyeni kuphiri. Linatisunga kale, silingatikane lero."

Tinanyamuka tambala woyamba, anthu anayi: agogo, amayi, mlongo wanga wamkulu ndi ine. Tinatenga khasu, dengu ndi mphonda ya madzi. Tinkafuna mpama. Iwe sunauonepo. Ndi chilazi cha m'tchire, chimayanga m'mitengo, ndipo m'chilimwe masamba ake amakhala atauma, moti wosadziwa amapondapo n'kudutsa. Agogo ankangoloza ndi ndodo kachingwe kouma kozungulira tsinde, amayi n'kukumba. Koma mpama si mbatata, mwana iwe. Ukauphika mothamanga umazunguza mutu, ukhoza kupha kumene. Unkausenda, kuuduladula, kuuwiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso, kutayanso, ana akulira pambali pa moto. Ambiri amene anavulala nawo chaka chimenecho anavulala chifukwa cholephera kudikira. Masuku nawo anali atayamba kugwa, ndipo tinkalimbirana ndi apusi. Iwo kumtunda, ife pansi, kutukwanizana.

Pamwamba sitinafike tsiku limenelo. Titangopitirira theka, miyendo ya agogo inakana. Panali tanthwe lalikulu, losalala pamsana, ndipo pambali pake msuku wa nthambi zotambalala ngati thadzi lofungatira anapiye. Anakhala pamthunzi paja, wefuwefu, nandiitana.

"Kwera pamwalapo. Maso angawa anatha. Undiuze chimene ukuona."

Ndinakwera chokwawa. Ndinali ndisanaonepo dziko lili kunsi kwa mapazi anga, ndipo mutu unazungulira. Nditakhazikika ndinati, "Ndikuona tchalitchi cha ku mishoni, chachepa ngati chulu."

"Chimenecho ndinachiona chikumera," iwo anatero. "Njerwa zake zinaumbidwa pomwepo. Mzungu wake, Scott, sanali mmisiri wa nyumba n'komwe, koma taona chikadaimabe." Ndi St Michael and All Angels imeneyo, anaiyamba mu 1888 n'kuitsiriza mu 1891. Iwe umangodutsa pa minibasi, maso ali pafoni.

"Ndikuona malata akung'anima uko."

"Ndi ku Mandala. Kumeneko anyamata a Chilembwe anapita usiku kukalanda mfuti. Kutacha tauni yonse inali yakaliyakali." Ankanena za Januwale wa 1915, ngati kuti ndi dzana.

"Ndikuona utsi ukuyenda wokha."

Apa anaseka, koyamba pa masabata ambiri. "Umenewo usauope, ndi sitima. Inafika kuno amayi ako asanabadwe. Utsi woopsa ndi umene umaima malo amodzi." Anakhala chete pang'ono, kenaka anafunsa, "Nanga kwathu ukukuona?"

Ndinafufuza mpaka ndinapeza mango athu atatu aja ndi kanjira kopita kumtsinje. Ndinati ndakuona.

"Kuli utsi?"

"Kulibe, agogo. Mudzi wonse kulibe."

"Eya," iwo anatero. "Palibe waphika."

Sindinamve tanthauzo lake nthawi imeneyo. Ndinadzalimva ndili ndi ndevu. Munthu mmodzi, phiri limodzi: ali mwana analira poona utsi pamudzi pake, atakalamba anausa moyo posauona. Anamwalira chaka chotsatira, chimanga chatsopano atalawako.

Njala itatha, phiri linasanduka bwalo lathu anyamata. Apa ndiye pamene ndingati nafenso tinkakwera mongosangalala, ngakhale kunyumba tinkanama kuti tikukasaka ndiwo. Loweruka tinkanyamuka kusanayere, tili ndi malegeni m'khosi, chinangwa chootcha m'thumba, nzimbe m'manja, agalu awiri patsogolo. Tinkadutsa m'mphepete mwa Nyambadwe, kulowa ku Ndirande kumene kunkakhala anthu ogwira ntchito m'tauni, aja azungu ankawafuna masana koma osawafuna pafupi usiku. Tinkawoloka Nasolo. Usaseke, Nasolo yemweyu amene lero umatseka mphuno: tinkagwada n'kumwa ndi manja. Ukangolowa m'nkhalango dzuwa linkasowa. Munali mombo, tsamba, muwanga, masuku osawerengeka, ndipo m'makhwawa munali mitengo italiitali ya ndere zolendewera ngati ndevu. M'mbali zina boma linadzala mapaini ndi bulugama m'mizere, pakuti phirili linali nkhalango yotetezedwa kuyambira m'ma 1920, ndipo alonda ake ankayenda ndi yunifolomu. M'dzinja tinkazula bowa, utale waukulu ngati mbale ndi manyame ofiira. Mbira zinkaothera dzuwa pamatanthwe, zikationa psiti m'ming'alu. Chigawo chomaliza n'choimirira, unkagwira mizu ndi miyala, mawondo akugunda chibwano. Kuchoka pano mpaka pansonga anali maola atatu, osathamanga.

Tamvetsa apa, pakuti ndipo pagona nkhani. Ulendo wonsewo sunkaona kanthu koma makungwa ndi msana wa mnzako. Dziko linkabisika. Linkakuonekera kawiri kokha: pa tanthwe la agogo lija, ndi pansonga. Ukatulukira pamwamba, mphepo n'kukuomba pachifuwa chonyowa ndi thukuta, zonse zinkatseguka kamodzi, ngwee! Kum'mawa Chiradzulu ali ndii, patali uko Mulanje wabuluu ngati mtambo wokana kuyenda, kumpoto Zomba, kumwera mapiri a ku Thyolo. Kunsi damu la Mudi, limene linamangidwa ine ndili mnyamata, likuphethira ngati kalilole wogwa m'udzu. Madzi a tauni yonse ankachokera m'phiri limeneli mapaipi a ku Walker's Ferry asanabwere m'ma 1960. Tinkakhala chete, ife anyamata aphokoso, mpaka wina atayamba kusenda nzimbe.

Nyengo yake yoonera ndi mvula ikangotha, Epulo kapena Meyi, mpweya utatsukidwa. Mu Seputembala ndi Okutobala usadzivutitse; utsi wa lupsa umaphimba zonse, Mulanje osaoneka ngakhale mthunzi wake. Ndipo mu Juni ndi Julayi uzichenjera ndi chiperoni. Dzinali ndi la phiri la ku Mozambique kumene mphepoyo imadzera. Tsiku lina chinatipeza pansonga dzuwa lili pamutu. Tinangoona ubweya woyera ukukwera m'khwawa, ndipo tisanamalize kutafuna tinali m'kati mwake, dzanja lako lomwe osaliona bwino. Mnzathu wina anati njira ndi iyi, wina anati ndi iyo. Tinatsata galu. Anatitsitsira mbali ina, tinakatulukira cha ku Machinjiri kutada, tili zii ndi kuzizira, ndipo mayi wina wosatidziwa anatipatsa mbatata ndi malo pafupi ndi moto. Titafika kuno m'mawa mwake, maliro anali atatsala pang'ono kuyamba. Bambo anayamba athokoza Mulungu, kenaka anathyola kanthambi ka bulugama.

Amene tinkawaona akukwera popanda chifukwa chenicheni anali azungu. Makabudula a kaki, masokosi ofika m'mawondo, ndodo m'manja, wantchito pambuyo atasenza dengu la tiyi. Anali ndi kalabu yawo ya okwera mapiri imene inayamba mu 1952, poyamba ya ku Mulanje, lero mukuitcha Mountain Club of Malawi. Ndi omwewa ali ndi mwambo uja wa mu Juni wokwera Michiru, Ndirande ndi Soche tsiku limodzi, kunyamuka kuli mdima, kubwerera kuli mdima, mtunda woposa makilomita 40. Ife tinkati ali ndi mankhwala, kapena akusaka miyala ya ndalama. Ndi kwa iwo kumene ndinamva kuti phiri limayezedwa. Ati Ndirande ndi mamita opitirira pang'ono 1,600, Soche opitirira 1,500, Michiru osafika 1,500, pamene Sapitwa ku Mulanje ndi 3,002. Manambalawa asakuopse. Mzinda uno uli kale pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, ndiye chimene miyendo yako ikwere Loweruka ndi chotsalacho basi. Amayi ako aakulu ankachikwera kawiri pa sabata.

Inde, akazi. Mukamalemba mbiri ya okwera mapiri a Blantyre mudzayambe ndi akazi a nkhuni. Malemu agogo ako ndinawaonera ku Michiru, mu 1958, chaka chimene Kamuzu anatera pa Chileka pa 6 Julayi, anthu tili mbali zonse za msewu uwu ngati nyerere. Iwo ankatsika ndi mtolo wautali kuposa chitseko ichi, nkhata pamutu, khosi lili nji, mapazi opanda kanthu akusankha popondapo pakati pa miyala. Ine ndinapatuka kuti adutse, ndipo ndinapatuka kwambiri mpaka ndinakhala pa chitedze. Anaseka osatembenuza mutu, pakuti ndi mtolo wotero sutembenuka. Ukwati wathu unayambira pa kuyabwa kumeneko. Nthawi imeneyo lamulo linali lakuti utole zouma zokha. Nkhwangwa inali mlandu, ndipo mlonda akakupeza ndi mtengo wauwisi ankakulanda chikwanje ndi mtolo womwe. Ankadandaula, koma nkhuni zouma zinalipo zokwana. Ndipo onsewa ankakwera atamanga nsalu. Buluku lako ukuti la kuphirili likanakugoneka kupolisi: kuyambira 1973 mpaka nthawi ya riferendamu mkazi sankaloledwa kuvala buluku m'dziko muno.

Ku Michiru n'kwa afisi. Ali ndi mapanga awo, ndipo usiku tinkawamva kuchokera pakhonde pano. Mu 1975 boma linakhazikitsa malo osungirako zachilengedwe kumeneko, n'kulambula tinjira ta alendo, n'chifukwa chake inu muli ndi pachipata polipira. Mbali ya ku Chilomoni anaimikako mtanda, ndipo Akatolika amakwera akupemphera Njira ya Mtanda. Kumeneko ndiye ndinakwera komaliza, bondo ili lisanandiukire.

Tsopano ndikuuze zimene sindinauzepo bambo ako.

Ukayang'ana Ndirande lero ukuona mutu wa mpala: miyala, minda ya chimanga yopachikika pamalo oti mbuzi yomwe ingaganize kawiri, ndi tinsanja ta mafoni. Ana a masiku ano amayesa linabadwa choncho. Ayi. Linametedwa, ndipo linametedwa ife tikuona, zaka zochepa chabe. Mu 1992 kunagwa chilala. Mu 1993 tinavota riferendamu, mu 1994 boma linasintha, ndipo chaka chomwecho kwacha inagwa, mitengo ya zinthu n'kuuluka. Makampani anayamba kuchepetsa anthu. Tauni inali itadzaza, aliyense akufuna makala, aliyense akufuna kuotcha njerwa. Mantha amene ankasunga nkhalango anachoka, ndipo m'malo mwake simunalowe kanthu. Anthu ankati mitengoyi inali ya Kamuzu, tsopano ndi ya tonse. Chinthu cha tonse, mdzukulu wanga, chimatha ngati nyama ya pamaliro. Usiku unkamva nkhwangwa kuchokera kuno, go, go, go, ngati mitondo ya chinamwali. M'mawa mapulanga ndi mitengo ya denga zinkatsika pamitu ya anthu mumzere wosaduka. Anayamba mapaini, kenaka bulugama, kenaka analowa m'mitengo yachilengedwe.

Ine ndinkatukwana nawo odulawo, pakhonde pano, ndili ndi ntchito. Kenaka kampani imene ndinaigwirira zaka makumi awiri ndi mphambu inatiitana m'mawa wina n'kutipatsa makalata. Ndinali ndi ana asanu pasukulu, bambo ako ali Fomu 3. Ndinakhala miyezi iwiri ndikuyenda m'mageti. Mwezi wachitatu ndinanola nkhwangwa.

Ndinadula, akazi anga. Sindinganene kuti ndinangotola zogwa. Ndinadula chaka chathunthu ndi theka, ndipo fizi ya bambo ako inachokera m'phiri limenelo. Amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ife tinasuta wa pamphuno osafunsa za mawa. Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti mwezi uliwonse dziko linkaonekera msanga. Poyamba unkayenera kufika patanthwe kuti uone tauni. Kenaka unkaiona uli m'munsi mwake. Kenaka unkangotembenuka paliponse, Blantyre yense uyo, mbee. Malo okongola oonerapo anachuluka, mthunzi wokhalapo n'kusowa.

Mitengo itatha tinayamba kukumba zitsa. Tsiku lina ndinakwera ndi khasu ndi nkhwangwa, ndikufufuza chitsa chimene ena sanachione, ndipo ndinangozindikira ndaima pa tanthwe losalala pamsana. Msuku uja sindinaudule ine, Mulungu ndi mboni. Ndinapeza ena atadula kale. Chinatsala ndi chitsa, chachikulu, chouma bwino, cha matumba awiri a makala. Ndinakhala pamwala paja nthawi yaitali. Ndinayang'ana kwathu, ndinaona utsi wa m'makhitchini a anthu ena. Kenaka ndinatsika pamwalapo n'kuyamba kukumba. Ndinachizula chonse ndi mizu yomwe. Usiku umenewo nsima inaphikidwa, koma ine ndinati m'mimba mwandipotokola.

Ndiye pamene namondwe wa Freddy anabwera mu Malichi 2023, mvula n'kugwa usana ndi usiku osapuma, ine sindinadabwe ngati mmene anadabwira ena. Napolo si mlendo m'dziko muno. Anatuluka ku Zomba mu Disembala 1946, anatuluka ku Phalombe mu Malichi 1991, ndipo makolo ankadziwa kuti phiri likakhuta madzi limasanza. N'chifukwa chake sankamanga m'khwawa, ngakhale louma zaka makumi atatu. Madzi saiwala khwawa. Koma ku Soche matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba zinapeza anthu a ku Chilobwe ali m'tulo, m'nyumba zomangidwa pamene kale panali nkhalango. Dziko lonse, akufa ndi osowa pamodzi anaposa 1,000. Sindikunena kuti mitengo ikanaletsa zonse. Mvula imene ija inali yoopsa, ndipo ku Zomba kuja mitengo inalipo. Sindikunenanso amene anamanga m'phirimo, pakuti munthu samanga pamalo otero chifukwa chokonda mphepo, amamanga chifukwa poti apeze malo m'tauni muno palibe. Koma ndinamva pa wailesi akuwerenga mayina, ndipo manja angawa ndinawabisa m'thumba.

Ndamva kuti achinyamata ena ayambanso kudzala, ku Soche, ku Ndirande, ku Michiru komwe. Kudzala tinkadzala nafenso, Januwale aliyense, nduna itagwira khasu latsopano, ojambula ali pompo. Mtengo sufa tsiku lodzala. Umafa mu Okutobala, pamene wadzala uja ali kunyumba, mbuzi ndi moto zili kuphiri. Ngati gulu lanulo likufuna kuchita kanthu, lisankhe mitengo makumi awiri yokha n'kumaiyendera mpaka italike kuposa iwe. Mwezi ndi mwezi mukukwera kale.

Loweruka unyamuke m'mawa, dzuwa la Michiru limaluma likakwera. Tenga madzi okwana, usadalire mitsinje, yambiri inaphwa. Musabalalike, ndipo amene akuchedwa ndiye aziyenda patsogolo. Mnyamata wokulondoleraniyo mumupatse ndalama yake yonse, osamunenerera. Ndi bwino adye za miyendo yake kusiyana ndi za nkhwangwa. Mukakumana ndi mayi wosenza nkhuni kapena bambo wokankha njinga ya makala, mupatukireni njira ndipo mumupatse moni. Musamujambule, musamulalikire. Simukudziwa kalata imene analandira. Anyani ukawaona usawaonetse chakudya, ndipo popatuka uyang'ane pokhala, chitedze chikadalipo.

Koma Loweruka lina, mvula ikadzatha, udzapite ku Ndirande. Udzadzere njira ya ku Malabada. Ukadzapitirira theka udzayang'ane kumanzere tanthwe lalikulu losalala pamsana, pambali pake pali dzenje. Linali lakuya mpaka m'chiuno, kaya lero linakwiririka. Masuku amamera ndi njere, ndipo njere zinagwa zambiri pamenepo. Udzaone ngati pali kanthu kamene kanaphuka. Ukatero udzakwere pamwalapo n'kuyang'ana kuno. Zithunzi usadzandibweretsere, pagalasi la foni yako ine ndimangoona chifunga. Maso angawa afika pamene anafika a agogo. Udzabwere udzakhale pampando womwewu, udzandiuze ndi pakamwa chimene waona.